Thanki Yathu Inagwa M'Chilatini

Kwa Olemekezeka Bwana Woona za Chitetezo cha Antchito,
Kampani Yochapa Zovala ya Mbee.

Bwana,

Ndagwada, ndawomba m'manja. Ndine wosita wamba, mayi uja wa tebulo lakumapeto amene simumuyankha moni. Ndati ndisafe ndi zikomo m'mimba.

Choyamba, zikomo chifukwa cha msonkhano munaitanitsa thanki ya madzi itaboola denga n'kuphwanya mwendo wa mlamu wanga. Ife mbuli tinkayesa mubwera ndi amisiri. Inu munabwera ndi dikishonale yonenepa ngati pilo, n'kulemba pabolodi mawu akuti collapse. Ha! Ife tinkangoti yagwa, osadziwa kuti chinthucho chili ndi dzina la kusukulu.

Chachiwiri, zikomo potiuza kumene mawuwo anachokera. Munati ndi a Chilatini, chiyankhulo chimene eni ake anagona kalekale, ndipo poyambapo ankatanthauza kutererekera pamodzi n'kugwa. Munati amanenedwa nyumba ikagumuka, munthu akakomoka, bizinesi ikalowa pansi, ngakhale mpando wopinda uja akaupinda. Ndinazinyamula zonsezi mpaka kuchipatala, n'kumufotokozera mlamu wanga tsiku limene madokotala anamudula mwendowo. Analira kwambiri. Ndikhulupirira chinali chimwemwe, poti si aliyense amagweredwa ndi chinthu cha mbiri yaitali chotere.

Chachitatu, kudzichepetsa kwanu, abale! Phunziro lonse lija munaphunzitsa mutaima pakhomo, phazi limodzi lili panja, maso ali kudenga. Mpando tinakupatsani, munaukana. M'mawa mwake galimoto yanu munaichotsa m'mbali mwa khoma lathu n'kukaiimika kutali, pansi pa mtengo. Amiseche akuti munaona zimene tikuona ife: kuti thanki yachiwiri ikadali pamwambapo, matabwa oichirikiza apindika, madzi akudonthera pa nsalu za makasitomala, ndipo pampu ikayamba kudzaza denga limalira kwee, kwee. Ine ndawakalipira. Munthu wodziwa Chilatini angaope thabwa?

Chachinayi, ndipo apa ndiye mwandimaliza, zikomo pomulemba ntchito mwana wanga wamkazi. Mwamupatsa tebulo la azakhali ake, mlamu wanga uja, lomwe lija mwalikhomanso miyendo, n'kulisuntha pang'ono kuti likhale pansi penipeni pa thanki yotsalayo. Mwanayu ndi woyembekezera, mwamuna wake ali pa ulova, ndiye akanakana bwanji? Bwana, ndikuopa. Simbi ili m'manja, maso ali kumwamba, nsalu ndikuziwotcha ngati wophunzira kumene. Denga likati kwee, mtima wanga umati phwii, ndimaiwala ndi Chilatini chomwe. Ndinakauza kapitawo, iye anandiyankha kuti nkhani ya thanki inatha, anthu anaphunzitsidwa.

Sindikupempha amisiri ayi, ndine yani ine? Pempho langa n'laling'ono. Mwana wangayu phunziro lija linamuphonya, poti anayamba ntchito mutaphunzitsa kale, ndipo zikundiwawa kuti chingamugwere chinthu chimene sakuchidziwa dzina. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, bwana. Bwerani mudzabwereze.

Takukonzerani kale malo. Mpando wanu taupukuta, tauika pa tebulo lake lomwelo kuti dikishonale idzakhale pabwino. Iyeyo musamudere nkhawa, adzaima pakhomo paja, phazi limodzi panja, tinaona kuti mawu amamveka bwino pamenepo. Mudzabwere m'mawa, nthawi imene pampu imadzaza thanki. Musadzathamange, musadzadumphe tanthauzo ngakhale limodzi. Ife mitu yathu njouma, mwina tidzakupemphani kuti muyambirenso.

Ine wanu wophunzira mochedwa,
Wosita wa tebulo lakumapeto.