Faelo ya Chipere

Mpaka lero ndimati cholakwa changa chinali chaching'ono, ngakhale cholakwacho pano chili pabanja ndipo chili ndi ana atatu.

Zinachitika ku Rumphi, komwe ndinatumizidwa ukalaliki kuchokera kwathu ku Ntcheu. Inali nthawi ija boma litangolola kuti anthu azitalikitsa mpata pobereka. Ana anali atakwana asanu ndipo akazi anga, Nachisale, anali atatopa. Ndinasayina ndekha chilolezo choti azimwa mapilitsi olera, ndipo m'mawa uliwonse akameza ndinkachonga pa kalendala. Khadi lawo ndi kapepala ka m'paketi ndinaziboola bwinobwino n'kuziika m'faelo (kuwerenga ayi, tizilembo take tinali ngati nyerere).

Kenaka Nachisale anatuluka chipere m'mutu, chosamva mankhwala opaka. Popita kuchipatala khadi lolera lija ndinalisiya, poti chipere ndinali nditachitsegulira faelo yakeyake. Adokotala polemba mankhwala akumwa anafunsa ngati pali ena amene akumwa kale. Kuseri kwa katani kunali amayi awiri a kumpingo kwathu, makutu ali tcheru. Nachisale asanatsegule pakamwa, ine ndinayankha kuti palibe.

Chipere chinatha. Patangopita miyezi iwiri, Nachisale anayamba kulavulalavula ndi kudana ndi fungo la usipa.

Ndinapsa mtima zedi. Ndinavala tayi, n'kunyamula mafaelo onse awiri ndi kalendala, ulendo wa kusikelo kukawauza kuti mapilitsi awo ndi ufa wa kondowole. Namwino wake anali mayi wa ku Henga, wosapupuluma. Anandisiya ndilankhule mpaka nditope, Nachisale atakhala pabenchi. Kalendala anaiyamikira, akuti sanaonepo yotere (apa ndinakonza tayi). Kenaka anatsegula faelo yachiwiri.

"Yewo chomene, adada, mwasunga bwino. Koma mankhwala a chipere awa amafooketsa mapilitsi. Adokotala sanafunse?"

Ndinati mwina anaiwala, anthu anali ambiri tsikulo.

"Anafunsa," anatero Nachisale. "Anayankha ndi akalaliki."

Namwinoyo anasolola kapepala ka m'paketi kaja kuti andisonyeze mzere wochenjeza za mankhwala ena a chipere, a khunyu ndi a chifuwa chachikulu. Mzerewo unalipo ndithu, koma pakati pake panali bowo lozungulira bwino, lomwe ndinaboola ine.

Tikubwerera, Nachisale anandiuza poyera kuti poti mimba amasenza ndi iwo, khadi azisunga okha, ndipo kwa adokotala azilowa okha, ine ndizidikira pansi pa mtengo. Mwana anabadwa wamkazi, wathanzi, ndipo wachisanu ndi chiwiri sanabwere.

Zodikira pansi pa mtengozo ndinavomera. Chomwe sindinavomere ndi kasungidwe ka khadilo. Khadi la boma, lachidindo, munthu kulipinda panayi n'kulimangirira pansonga ya chitenje pamodzi ndi kiyi wa kukhitchini!