Sabata Imene Ndinafuna Kupota Ulusi wa Khofi

Lolemba

Kuzizira. Nkhungu yatseka msewu wonse, malole a kachewere akuyenda atayatsa nyali masana. Zala zikukana kulowetsa ulusi pa singano.

Mwana wanga Chikondi wanditumizira kanema pa foni kuchokera ku Lilongwe. Anthu a kunja akupanga nsalu ndi nsenga za khofi, zija zimatsala akatha kumwa. Amaziyanika, kuzipera, kuzisakaniza ndi mabotolo apulasitiki osungunula, kenaka makina n'kumatulutsa ulusi. Akuti malaya ake sanunkha thukuta ndipo amauma msanga. Ndaonera kanayi. Kachisanu foni yazima.

Zaka zonsezi ndikusoka pa Tsangano pano, nsalu ndimachita kudikira za ena. Bwanji osapanga yangayanga? Mabotolo ali mbwee kuseri kwa msika. Moto ndili nawo, manja ndili nawo.

Ntchito za sabata ino:
- kupeza nsenga za khofi
- kutola mabotolo
- kupota ulusi
- kuluka sikafu ya bambo a Chikondi, akavale kutchalitchi Lamulungu
- kumaliza diresi la ukwati la Tadala, mwana wa mayi Nangozo. Ukwati ndi Loweruka. Kwangotsala kulumikiza manja, ntchito ya theka la tsiku.

Bambo a Chikondi anagwirapo ntchito ku Joni, ndiye chilichonse chakunja amati amachidziwa. Ndawafotokozera. Akuti, "Ine khofi ndinamwa zaka zisanu ndi ziwiri, sindinatsamwidwepo ndi ulusi."

Ndauza kale amayi anzanga a kwaya kuti Lamulungu aona chinthu chomwe sanachionepo. Mwina ndafulumira.

Lachiwiri

Tsangano yense samwa khofi. Ndazindikira lero.

Ndalowa m'matiyirumu atatu, konse ndi masamba a tiyi. Mwini wa yachitatu wandipangira khofi wa m'kapepala, uja wongothira madzi otentha. Ndamwa kapu yonse kuti ndione zotsala pansi. Palibe chotsala. Ndamwa ina kuti nditsimikize. Palibenso. Mtima ukugunda ngati injini ya chigayo.

Andipulumutsa ndi a Zakeyu, kukhi wa kunyumba ya ansembe. Kumeneko ndiye amamwa khofi weniweni wopera, nsenga zake amangotaya kudzala. Andipatsa theka la chidebe. Funso lawo: "Ndi za mankhwala kapena za nkhumba?" Ndati ndi za nsalu. Andiyang'ana nthawi yaitali, kenaka andifunsa ngati kunyumba kuli bwino.

Ndayanika nsengazo pa malichero awiri. Dzuwa kulibe. Nkhuku zapalasa lichero limodzi n'kujompha theka. Tsopano zikukana kulowa m'khola, zikungozungulira bwalo, tambala akulira nthawi yosakhala yake.

Mabotolo ndatola thumba lathunthu. Amayi ogulitsa tomato akuganiza kuti ndikuyamba bizinesi ya thobwa. Awiri anena kale kuti ndisachulutse shuga.

Diresi la Tadala lili pa hang'ala, loyera mbee. Mawa.

Lachitatu

Nsenga sizinaume, ndiye ndazikazinga m'chiwaya ngati mtedza. Ndasinja mu mtondo, ndasefa. Ufa wabwino, wosalala. Kufika apa ndikufanana ndithu ndi anthu a mu kanema aja, kupatula zovala zawo zoyera ndi magalasi.

Mabotolo ndawadula tizidutswa, ndaika mu poto wakale, ndatereka pa mbaula kuseri kwa nyumba.

Zomwe kanema sanaonetse:
- utsi wakuda
- chifuwa
- aneba anga mayi Nabanda akuthamanga ndi ndowa ya madzi, poganiza kuti khitchini yapsa
- kuti pulasitiki ikasungunuka sidikira munthu

Ndathira ufa wa khofi, ndavundula ndi sipoko ya njinga, ndakoka pang'onopang'ono. Watuluka ulusi! Wautali ngati mkono wanga, wabulauni, wonyezimira. Ndaitana bambo a Chikondi. Mmene amafika unali utauma gwa. Augwira, wathyoka patatu. Akuti, "Uwu si ulusi, ndi chotokosera m'mano." Atola kachidutswa kamodzi n'kuyesadi. Akuti kakugwira ntchito.

Ndayesanso kawiri. Kachitatu sipoko yakanirira. Poto ndi sipoko tsopano ndi chinthu chimodzi.

Mayi Nangozo adutsa kudzaona diresi. Ndawaonetsa nditaligwira mwanzeru kuti asaone kuti manja palibe. Anunkhiza m'mwamba: "Ndani akuotcha matayala?" Ndati ndi aneba. Mulungu andikhululukire, ndi mayi Nabanda omwe.

Lachinayi

Ndadzuka ndi nzeru zatsopano. Vuto ndi pulasitiki, ndiisiye. Mu pilo wathu muli thonje la ku Bwanje lomwe anatipatsa alamu anga. Ndilinyika mu khofi wowiritsa limwe mphamvu yake, kenaka ndilipota pantchafu ngati chingwe cha khonje. Ulusi wa khofi ndi womwewo. Adzafunse ndani?

Ndang'amba pilo. Bambo a Chikondi afunsa kuti azitsamira chiyani. Ndati Lamulungu adzandithokoza.

Ndawiritsa nsenga zotsala, beseni lodzadza, lakuda bii. Panja mphepo ikuuluzira fumbi, ndiye ndalowetsa beseni m'chipinda chosokera n'kuliika pa tebulo.

Poti thonje likumwa, ndati ndimalize diresi. Dzanja loyamba lalowa bwino. Lachiwiri lalowanso bwino. Ndaimirira kuti ndilikutumule ndione mmene lagwera.

Mchira wa diresi wakola m'mphepete mwa beseni.

Sindinakuwe. Ndangokhala pansi.

Banga layambira pachifuwa mpaka pabondo, lalitali, lokhotakhota ngati mapu a Mozambiki.

Ndayesa sopo, mchere, mandimu, soda, ndi mankhwala oyeretsera zovala omwe andibwereka mayi Nabanda osadziwa zomwe ndinawanamizira dzulo. Banga lachepa mphamvu koma silinasamuke. Bambo a Chikondi aima pakhomo, ayang'ana diresi, ayang'ana ine. Chikwatiraneni, lero ndi loyamba kuti asanene kanthu za ku Joni. Angotenga ndowa kukatunga madzi ena.

Lachisanu

Nsalu ngati iyi pa Tsangano palibe. Inachokera ku Limbe, anagula ndi amalume ake a Tadala. Ngakhale nditakwera lole kupita ku boma, kumeneko sindikaipeza, ndipo ukwati ndi mawa.

Ndaganiza mabodza atatu: mbuzi, mphaka, denga lodontha. Mbuzi tilibe, mphaka samwa khofi, mvula inasiya kalekale. Ndakulunga diresi m'chitenje, ulendo kwa mayi Nangozo.

Pabwalo anthu ali pikitipikiti, ena akusenda kachewere, ena akumanga chisakasa. Ndapempha mayi ndi mwana kuti tilowe m'nyumba. Ndagwada. Ndafotokoza zonse, kuyambira pa kanema mpaka pa beseni. Ndatambasula chitenje.

Mayi Nangozo agwira pakamwa. Atapuma: "Amake Chikondi, mwana wanga akalowe m'tchalitchi ngati wagwera m'dambo?"

Ndaweramitsa mutu. Misozi yokha.

Tadala watenga diresi, wapita nalo pawindo. Akuyang'anitsitsa pomwe banga lasuluka ndi mandimu aja. Akuti, "Koma mtundu uwu si woipa ayi. Kalinyikeni lonse."

Amayi ake: "Wapenga iwe?"

"Amayi, loyera palibenso. Pali la banga ndi la mtundu umodzi. Sankhani inu."

Sanasankhe. Atuluka kukakalipira osenda kachewere.

Ndathamangira kwa a Zakeyu. Andikokolera nsenga za lero ndi za dzulo osafunsanso kanthu. Ndawiritsa, ndasefa kawiri pa nsalu, ndathira mchere ndi vinega. Ndaviika diresi lonse ndikupemphera chamumtima. Bambo a Chikondi ndiwo akuvundula ndi mthiko, nkhope ili ngati ya dokotala.

Nsalu ya satini yamwa pang'ono, ngati tiyi wa mkaka wambiri. Lesi yamwa kwambiri, ngati chigumu chopsa bwino. Mozambiki akuonekabe kwa munthu wodziwa pomwe ali, ndiye ndasokerapo maluwa a lesi yotsala, kuyambira pachifuwa kutsetsereka mpaka pabondo. Tikuliumitsa ndi mbaula ziwiri ndi simbi. Mayi Nabanda abwera kudzathandiza kukupiza moto. Ndawaululira za matayala zija. Aseka mpaka kutsokomola.

Loweruka

Dzuwa latuluka, koyamba sabata ino.

Ndakhala benchi lomaliza, pafupi ndi khomo, kuti zikavuta ndisavutike potuluka.

Tadala walowa. Tchalitchi chonse chatembenuka. Zii. Ndagwira chikwama changa kukonzeka. Kenaka nthungululu kuyambira kutsogolo mpaka kwa ife akumbuyo.

Zomwe ndamva ndi makutu angawa:
- "Limeneli ndi la ku Joni, kuno sangasoke chonchi."
- "Masiku ano zoyera zinatha fasho."
- "Kodi akuphika khofi m'tchalitchi muno ndani?"

Fungo lilipo ndithu. Mkwati akayandikira mkazi wake akumakoka mpweya kawiri. A Zakeyu andiona patali, agwedeza mutu ngati diresilo asoka ndi iwo.

Ku holo kwatentha, anthu avina osapuma pa perekaniperekani. Mkwati wakumbatira Tadala. Posiyana, malaya ake oyera ali ndi duwa labulauni pachifuwa. Mnzake womuperekeza wamumangitsa mabatani onse a jekete. Wakhala choncho mpaka kumapeto, thukuta lili kamukamu, anthu n'kumati mnyamatayu ndi waulemu.

Tadala wandipeza panja, wandigwira dzanja. "Musadandaulenso amayi. Ndakongola." Wakongoladi.

Amayi ake andidutsa kawiri ngati akudutsa mtengo.

Lamulungu

Sikafu palibe. Bambo a Chikondi apita kutchalitchi khosi lili pamtunda, ndipo akuti likuwawa chifukwa chotsamira jekete masiku atatu. Amayi a kwaya afunsa za chinthu chija ndinalonjeza. Ndati anachiona dzulo. Sanamvetse, ine sindinaonjezere.

Zomwe ndatsala nazo: poto wa sipoko, thumba la mabotolo, zikhadabo zabulauni. Thonje ndaliyesa pantchafu kamodzi, likungoduka. Ndalibwezera mu pilo n'kusoka pakamwa pake. Ulusi wa khofi apote eni makina. Ine ndine telala.

Chakumadzulo atulukira mayi Nangozo. Ndayala mphasa. Akhala pansi, afunsa za kuzizira, za kachewere wa chaka chino, za Chikondi ku Lilongwe. Kenaka amasula kampukutu. Nsalu yoyera. Mng'ono wake wa Tadala akukwatiwa mwezi wa Okutobala.

"Kusoka mumatha, zimenezo sindikana," akutero. "Koma ili likhale loyera. Ndizibwera tsiku lililonse, ndizikhala pomwepo mpaka mulimalize."

Ndati palibe vuto, mpando ulipo.

Akuti abwera ndi wawo.