Kachipangizo ka Rede m'Mala Yanga

Ndinadandaula koyamba Lachinayi la sabata yoyamba kukumba mbatata, ndipo kope la dandaulolo ndili nalo. Ndikanadziwa mathero ake, bwenzi nditakhala chete.

Kuno kumtunda kwa Domwe foni imavuta, choncho bungwe lathu la alimi linaika tizipangizo pamadenga asanu. Uthenga umadumpha denga ndi denga mpaka kufika kwa mwini wake, osadalira kampani, ndipo wosafuna kudziwika satchula dzina. Timaitcha rede. Kachipangizo kapakati anakaika kwa ine poti nyumba yanga ili pachitunda. Ndinasainira papepala, kalimbo, chidindo cha bungwe, n'kumenyedwa.

Tsono Lachinayi lililonse ndimapita ku Ulongwe. Ndikafika kutsidya kodikirira minibasi ija timati shapa, uthenga wopita kwa akazi anga sunkadutsa. Pobwera masana ndinkapeza rede ikuyenda, n'kulembera komiti dandaulo lopanda dzina (sindikonda kutchuka).

Lachinayi lachitatu ogula mbatata anabwera ndi galimoto, uthenga sunawoloke, ndipo theka la mudzi linatsala ndi matumba ake. Akomiti anaitanitsa msonkhano. Aphunzitsi a Sesiliya, amene anatiikira rede, anaimirira.

"Wolemba mosadziwika uja akunena zoona. Dandaulo nambala 1, nambala 2, nambala 3."

Makosi onse anatembenukira kwa ine.

"Si ine," ndinatero.

"Alamu, ndani wina kuno amayamba uthenga wa pafoni ndi 'Mutu wa nkhani'?" anafunsa a Bonifasiyo, achimwene a akazi anga.

A Sesiliya anafunsa mwaulemu: "Abambo, Lachinayi kachipangizo kanu kamakhala kakuyaka?"

"Kamakhala pabwino. Ndimakatsitsa n'kukatsekera m'mala yanga, bokosi lachitsulo lija, pamodzi ndi mapepala. Chinthu chosainira ndingachisiye padenga ine ndili ku Ulongwe?"

"Kiyi amapita nayenso," anawonjezera akazi anga, popanda wowafunsa.

Wina anaseka mpaka kutsokomola. Amene mbatata zawo zinatsala sanaseke. Masana omwewo anakachotsa n'kukakaika padenga la a Bonifasiyo, munthu amene anataya ngakhale khadi lake laubatizo.

Ndawerenga pepala ndinasainira lija kanayi. Likuti "musamale." Silikuti "musatsitse."

Choncho ndikupempha komiti mwaulemu kuti indiyankhe polemba, ndi kalimbo, ngati kachipangizoko kadzabwerere padenga langa, ndiponso liti. Yankho lisabwere Lachinayi, ndimakhala ndachoka.