Masola a Don Plinio

Ku Villa Cundeamor kunalibe swichi imene chala cha malemu Don Plinio Marmolejos sichinaigwirepo. Bamboyu anakhala meya zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo zaka zonsezo sankatha kudutsa babu yoyaka osaithimitsa. Kaya ndi mu ofesi, kaya m'nyumba ya eni ake, kaya m'tchalitchi ansembe ali mkati mowerenga Uthenga Wabwino, iye kwake kunali kuthimitsa basi. Tsiku lina analowa mu saluni n'kuzula mawaya a makina oumitsira tsitsi, amayi asanu mitu ili m'makinamo, mmodzi mwa iwo ali mkazi wake.

"Dzuwa lili panjapo laulere," anatero. "Tulukani mukaume."

Choseketsa n'chakuti magetsi kwathuko ankabwera maola asanu patsiku, akabwera n'komwe. Anthu ankati kampani ya magetsi ikaiwala kuthimitsa, Don Plinio amakaimalizira ntchito. Akatero ankapukuta thukuta, n'kudandaula kuti dziko likutentha chifukwa cha kusamva kwathu, kenako n'kukalowa m'chigalimoto chake chimene chinkakhala chikulira pamsewu ola lathunthu kuti mkati muzizizira.

Amene ankamudziwa bwino anali Nicanor, wamagetsi wa khonsolo, munthu wosayankhulayankhula. Mkazi wake, Eduviges, anali ndi matenda a shuga. Mankhwala ake a jakisoni ankasungidwa m'firiji ya pachipatala chathu chaching'ono, ndipo mankhwala amenewa akatenthedwa amatha mphamvu. Magetsi akathima masiku awiri, Eduviges ankangodzibaya madzi. M'mawa uliwonse Nicanor ankanyamula ayisi kuchokera pagolosale kupita naye kuchipatala, koma ikamakwana nthawi ya nkhomaliro, ayisiyo amakhala atasungunuka kale.

Ndiye bungwe lina la kunja litatumiza masola makumi awiri ndi anayi kuti akaikidwe padenga la chipatala, Nicanor anapita kunyumba akuimba mluzu, chinthu chimene mkazi wake anali asanachimvepo. M'mawa mwake anapeza katunduyo atatsitsidwa pakhomo la khonsolo.

"Bwana Meya, dalaivala wasokera. Awa ndi akuchipatala."

"Sanasokere. Kuchipatala kumapita odwala okhaokha, mphwanga, ndipo wodwala sayang'ana kumwamba. Uwakhome apa, kutsogoloku, ayang'ane kupaki."

"Kupaki n'kumpoto, bwana. Kwathu kuno dzuwa limapendekera kumwera. Komanso mbali iyi kuli mthunzi wa mtengo wa mango uwu."

"Nicanor, dzuwa limavota?"

Tsiku lotsegulira kunali oimba nyimbo zovina za merenge, mbuzi zitatu zinafa, ndipo Don Plinio anayankhula maola awiri za mphamvu zosaononga chilengedwe. Atatha anadula riboni, Nicanor n'kulumikiza mawaya. Masola makumi awiri ndi anayi aja, ali mumthunzi, anayatsa babu imodzi ya mu ofesi ya meya, nayonso mofiira ngati diso la munthu wa matsire. Anthu anaomba m'manja. Don Plinio anaiyang'ana babuyo monyadira, kenako chala chinamuyabwa, n'kuithimitsa.

Koma pa za mavoti sanalakwitse. Chithunzi chake ataima pansi pa masolawo chinatuluka m'nyuzi, a kulikulu la dziko anamuitana kukalandira chikho, ndipo chisankho anapambana mosavuta. Abambo osewera madomino m'paki ankaloza dengalo kwa mlendo aliyense, ngakhale ankadziwa kuti pamwambapo pankangogwera mango ndi zitosi za nkhunda.

Bala litayamba kuphazi la Eduviges n'kukana kupola, Nicanor anatenga kabotolo ka mankhwala oonongeka n'kukakaika patebulo la meya, pafupi ndi chikho chija.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi mkazi wanga, bwana."

Don Plinio mtima woipa analibe, vuto lake linali lokonda kuomberedwa m'manja. Anagwira Nicanor paphewa, maso ali ndi misozi yeniyeni.

"Chisankho chikangodutsa, mphwanga. Ndikulumbira pamanda a amayi anga."

Chisankho chinadutsa, china n'kuyamba kununkhira, amayi akewo ali phee m'manda. Amati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma kuno wozengereza anali wina, wokwawa n'kukhala wina. Madokotala a kulikulu anayamba ndi zala ziwiri, chaka chotsatira anadula phazi lonse. Kuyambira pamenepo Nicanor sanaperekenso moni kwa meya. Ankangogwira ntchito yake, akafunsidwa n'kuyankha ndi mutu.

Kenako Don Plinio anagonja pachisankho, kugonjera mayi wina wogulitsa petulo. Tsiku lake lomaliza mu ofesi anafika kwa Nicanor m'mamawa ndi lole yobwereka.

"Tenga makwerero."

"Kukatani?"

"Anthu awa andikana. Ndiye aziyang'ana chiyani chaulere?"

Anatsitsa masolawo dzuwa likuswa mtengo, osewera madomino akukuwa kuti meya akuba denga. Anakawakhoma kuchipatala, kuseri, moyang'ana kumwera, kumene kulibe wowaona kupatula mbuzi za oyandikana nawo. Pofika madzulo firiji inali ikulira, ndipo mpaka lero sinasiyepo. Ena amati anachita izi pofuna kukhaulitsa meya watsopanoyo, ena amati chikumbumtima chinamupeza. Ine ndimati zonse ziwiri, ndipo choyambacho ndiye chinali chachikulu.

Don Plinio anapitanso kukaona Eduviges, chipewa chili m'manja, atakonzeka kulandira zikomo.

"Mayi, mankhwala anu tsopano azikhala ozizira."

Eduviges anayang'ana mwendo wake, n'kuyang'ana mlendoyo.

"Mwachedwa ndi phazi limodzi, Don Plinio. Khalani pansi, khofi ali pamoto."

Bambo amene ankatha kuyankhula maola awiri osameza malovu anakhala pansi n'kumwa khofiyo. Kuyambira sabata imeneyo, Loweruka lililonse Nicanor akakwera padenga la chipatala kukapukuta masola, ankapeza Don Plinio ali kale pansi ndi ndowa ya madzi. Kukwera sankakwera, mimba inkamuletsa. Ntchito yake inali kulamula.

"Wasiya fumbi pakona apo!"

"Muli pansi, bwana, mukuona bwanji?"

"Ndikukudziwa iwe. Bwereza."

Ntchito ya mphindi khumi ndi zisanu inkatenga maola awiri, akukangana za sopo, za mitambo, za amene anali wolondola zaka zonse zija. Zinayenda chonchi zaka zinayi, mpaka tsiku lina masana mtima wa Don Plinio unangoima ali pampando wa pakhonde pake. Eduviges anaumirira kupita kumanda ndi ndodo zake, ati ankafuna adzionere yekha ngati munthuyo afikedi pa nthawi yake kamodzi kokha. Anatukwana njira yonse, koma pobwerera anali akupukuta m'maso.

Villa Cundeamor yazizira tsopano. Meya watsopano ndi munthu waulemu, salowa m'nyumba za anthu, ndipo palibe amene ali ndi nkhani yake yoti n'kuseketsa nayo anzake. Nicanor akafunsidwa ngati anamukhululukira malemuyo amayankha kuti ayi, ndipo sanama, chifukwa m'mawa uliwonse ndi iye amene amamanga bandeji pamwendo wa mkazi wake. Loweruka amakwerabe padenga paja, madzi n'kudzinyamulira yekha. Mphindi khumi ndi zisanu ntchito yatha, masola ali mbee. Akatero amakhala pamalata otenthawo, nsanza ili m'manja, ndipo satsika mpaka maola awiri atakwana.