Kompyuta ya Amjomba pa Ayisi wa Chambo

Anthu pa Mangochi pano nkhani yanga aikometsera kwambiri. Ena akuti ndinawotcha nyumba, ena akuti ndinaphika TV. Bodza lonselo. Ndiye ndiifotokoze ndekha, chifukwa kuyaluka kwake n'kwanga.

Nditangolemba mayeso a Fomu 4, amjomba anga, achimwene awo a mayi, anabwera kuchokera ku Joni ndi katundu woti galimoto inkachita kubuula. Munali TV yaikulu ngati chitseko cha golosale, masipika ambirimbiri, ndi kabokosi kakuda kamene ankati ndi kompyuta yoonetsera mafilimu basi. Umakalumikiza ku TV, iko n'kumatulutsa zithunzi za HD, zija zoti munthu akamaseka umaona ndi kanyama komwe katsalira m'mano.

Vuto linali loti amjomba amadziwa kugula, kulumikiza ayi.

"Iwe, paja kusukulu kuja munkaphunzira kompyuta?"

"Kwambiri, amjomba. Aphunzitsi zikawavuta ankaitana ine."

(Zoona zake, kusukulu kwathu kompyuta inalipo imodzi, mu ofesi ya ahedi, yofunditsidwa nsalu ngati mkwatibwi. Ine ndinaikhudzapo tsiku lina ndikusesa.)

"Chabwino. Lachisanu abale akubwera kudzaonera kanema wa ndowa ya Asiyatu. Ukaonetsa bwino, pobwerera ndikutenga. Kushopu kwanga ndikufuna mwana wodziwa zinthu."

Ndowa kwathu kuno ndi ukwati, osati yotungira madzi. Asiyatu ndi mwana wawo wamkazi, anakwatiwira ku Joni komweko, ndipo abale ambiri ukwatiwo anangoumva. Koma ine m'mutu munangotsala mawu amodzi: Joni. Tsiku lomwelo ndinazungulira kutsanzika anzanga. Ena ndinawalonjeza mafoni. Mtsikana wina wa ku Nkopola amene anandikana chaka chatha ndinamuuza kuti asadzalire.

Kulumikiza sikunavute. Chingwe chilichonse ndinkachiyesa pabowo lililonse mpaka chitalowa.

Lachisanu anthu atatuluka kumzikiti, pabalaza panadzaza. Azibambo kutsogolo, ena pamipando ena pamkeka, azimayi kumbuyo, ana pamawindo. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene amadziwa Mangochi akudziwa kuti dzuwa lake limakazinga usipa ukadali m'madzi. Nyumba yamalata, mawindo atatsekedwa ndi mitu ya ana, thukuta linkachita kumveka likugwa.

Kanema anayamba bwino zedi.

"Mashaallah, taonani ndolo zija!"

"Koma mwamunayo ndi wamfupi eti?"

Ine ndili chilili pambali, limoti m'manja, nkhope yokhwima ngati woyendetsa ndege.

Kenako kabokosi kanayamba kulira ngati njinga yamoto yokwera chitunda cha ku Chiponde itanyamula matumba. Zithunzi zinayamba kudumphadumpha. Mkwati akuyenda, waima, wadumpha, waima. Basi kanema n'kuuma. Ndipo pa anthu onse a paukwati uja, anaumira pa akazi awo a amjomba, pakamwa pali yasa, mwendo wa nkhuku uli theka mkati. Mu HD. TV yonse.

"Chotsa! Iwe mwana, chotsa zimenezo!" anakuwa anti ali kumbuyo.

"Zikubwera, anti. HD imafuna kudekha."

Ndinakhudza kabokosi kaja. Kutentha kwake ngati chiwaya cha tchipisi. Kafani kamkati kankazungulira ndi mtima wonse koma kankangopuma moto. Ndinazimitsa n'kulengeza kuti anthu ayambe amwa kaye thobwa, makina akusintha giya.

Apa m'pamene nzeru zinandibwerera. Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti chinthu chikafuna kuwonongeka ndi kutentha, umachigoneka pa ayisi. Ndipo oyandikana nafe nyumba, Che Jafali, amagula chambo ku Nkope n'kumachisunga m'mabokosi a ayisi podikira galimoto ya ku Blantyre. Eni ake anali pamkeka kuonera nawo, ndiye sindinafune kuwasokoneza ndi zopemphapempha. (Ulemu umenewo.)

Ndinazemba, n'kusolola chibuma cha ayisi pansi pa nsomba, n'kuchiika m'beseni. Ndinalowetsa podzera kukhomo lakuseri, n'kuika kumbuyo kwa kabati ya TV. Kompyuta ndinaikhazika pamwamba pa ayisi, n'kufunditsa chitenje, kusiya kampata koti fani izipumira.

Anthu inu, zinatheka. Ndikulumbira. Kulira kuja kunatha, nkhuku ya anti inamezedwa, kanema n'kumayenda myaa ngati bwato lopanda mafunde. Amjomba ananditembenukira n'kugwedeza mutu. Ine m'maso mwanga ndinkaona pasipoti.

Chimene sindinaganize n'choti ayisi ameneyo anagona ndi chambo kuchokera ku Nkope. Ndipo fani ntchito yake ndi kukoka mpweya n'kuugawira anthu.

Woyamba kununkhiza anali bambo wina wa kutsogolo. Kenako mphuno zonse zinayamba kugwira ntchito. Azimayi anatembenukira mayi Mwanaisha, amene amagulitsa usipa pamsika.

"Anthu ena akamabwera pagulu azisamba," anatero wina motsitsa, koma moti zimveke.

"Mukunena ndani? Ine ndasamba ndi sopo wonunkhira! Mwina ndi wigi yanuyo!"

Che Jafali anakweza dzanja ngati woweruza.

"Musamunamizire mayiyu. Uyu si usipa. Ichi ndi chambo." Ananunkhizanso. "Cha dzulo." Anakokanso mpweya, nkhope n'kusintha. "Ndiponso chikumveka ngati changa."

Ine maso ali pa TV, ngati ukwatiwo ndi wanga.

Ntchentche zinalowa, mwina za boma lonse la Mangochi. Mphaka wathu anabwera n'kukhala kutsogolo kwa kabati, akulira ngati wafedwa. Ndinamukankha ndi phazi, anabwerera ndi mnzake.

Beseni lija kani linali lobooka. Madzi anayamba kuyenda pansi mwakachetechete, kulunjika pamkeka pamene panakhala agogo Che Saidi, atavala mkanjo woyera wa Lachisanu. Anagwira kumbuyo. Anayang'ana dzanja. Anayang'ana kamdzukulu kawo kamene kanali pambali.

"Mwana uyu wandikodzera!"

"Si ine, agogo!"

"Nanga ndadzikodzera ndekha?"



Ndinati ndithamange ndikachotse zinthu zanga, koma ndinachedwa. Ayisi anali atasungunuka mbali imodzi, kompyuta n'kutsetsereka, phava m'madzi. Kunamveka "thu!" Kautsi kanatuluka kuseri kwa kabati. TV bii, pa nthawi yeniyeni imene Asiyatu ankatuluka atavala zovala zachiwiri zimene azimayi onse anabwera kudzaona.

Amjomba anaimirira pang'onopang'ono. Anavundukula chitenje. Kompyuta yawo ya ku Joni inali gone m'beseni, mamba a chambo atamatirira pamwamba, mphaka akunyambita chingwe.

"Mphwanga," anatero mofatsa, "kusukulu kuja munkaphunzira kompyuta kapena usodzi?"

Che Jafali sanadikire yankho. Anali atathamanga kale kukaona mabokosi awo, ndipo mawu amene ananena ali kumeneko sindingawabwereze, poti linali Lachisanu.

Tsiku lonyamuka, ine ndi amene ndinawanyamulira amjomba zikwama kupita pa siteji. Ndinati ndiyese komaliza.

"Koma amjomba, inagwira ntchito. Munaona nokha kuti inazizira."

"Inaziziradi," anatero akukwera basi. "N'chifukwa chake ukhale konkuno. Ku Joni kumazizira kale, nzeru zakozo zilibe ntchito."

Mayi akuti phunziro lake ndi loti ndisiye kunama. Ine ndaganizira nkhaniyi mofatsa, ndipo ndikuona kuti wolakwa ndi amene anabweza beseni lobooka pamalo pake osauza anthu.