Chimbudzi cha kwa aNabanda

Lolemba, 11 Juni 1956

Kuzizira kwa kuno ku Chongoni n'kwachipongwe, zala zikukana pensulo. Koma mtima uli m'malo: dzenje latha!

Bwana wanga wa zaumoyo wa ku Boma wanena poyera. Loweruka akadzapeza anthu akulowa m'chimbudzi chachitsanzochi, andipatsa tchuthi ndikaone mwana wanga woyamba ku Mlanje. Wabadwa mwezi watha, sindinamuonepo, ndipo dzina akudikira ine.

Khomo lake ndi la aNabanda, mayi wamasiye. Amakhala ndi mwana wawo wamkazi ndi mkamwini, aDamiano, amene akundikumbira. Zotsala: mitengo yoyala pamwamba, udzu, chitseko, chivundikiro, phulusa.

Ana akunditcha aChimbudzi. Akuluakulu satero, iwo amangondipatsa moni ali patali.

Lachiwiri

Chatha! Denga losadontha, pansi pozira bwino, chivundikiro chokhala ndi chogwirira. Cha kwa bwana DC chimene n'cha chidebe basi, sichingafike apa.

Mudzi wonse wabwera kudzaona. Ndikulankhula za ntchentche, kamwazi ndi njoka zam'mimba, onse akuvomera ndi mutu. ANabanda akuti, "Zikomo aphunzitsi, mwatimangira nyumba yokongola." Wolowa palibe.

Chakudya andipatsira m'mbale yangayanga, ndipo ndaona akuitsuka kawiri. Ndikudya ndekha pachitsa.

Lachitatu

Ndawaza phulusa pakhomo pa chimbudzi kuti ndiziwerenga mapazi. Mapazi opezeka: anga, a nkhuku, anganso.

Ndawagwira aDamiano akuchokera kuthengo. Ayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona: "Inu aphunzitsi, mkamwini angakhale pamene akhala apongozi ake? Nanga titakumana pakhomopo, ine ndithawire kuti? Thengo lili ndi njira zambiri."

Zaka ziwiri ndinaphunzira ku Zomba, kuya kwa dzenje, kutalika kwake ndi chitsime, zonse. Za apongozi palibe anatchulapo. Ndipo ine ndemwe apongozi anga ndimawapatukira m'njira! Nzeru zinali kuti?

Basi, tikumba chachiwiri.

Lachinayi

Kuseri kwa nkhokwe: thanthwe. Kufupi ndi khola: thanthwe. Dziko lino Mulungu analiumba ndi miyala yotsala. Pofewa ndi pamodzi pokha, moyang'anana ndi khonde la aNabanda.

Tikukumba pomwepo, ine ndi khasu lobwereka, matuza m'manja monse. ADamiano akuti sangalowe apongozi akuwaona. Ndamanga mpanda wa udzu. ANabanda atuma mwana wawo kudzandiuza kuti nawonso sangalowe m'chawo, chifukwa mkamwini akawaona akulowera uko adziwa chimene akukachita. Mpanda wachiwiri! Pakhomo pano pakuoneka ngati pa dambwe.

Madzulo ndikumva akuseka m'nyumba. Sindikudziwa ngati akuseka ine. Ndikadakonda kukhala nawo m'katimo, olo azindiseka ndili pomwepo.

Lachisanu

Mapazi! Aakulu ndi aang'ono, olowa ndi otuluka! Ndavina ndekha paphulusa ngati wamisala.

Ndatsegula chitseko cha chimbudzi choyamba chija. Matumba anayi a mbatata ya kachewere, nyemba mu dengu, ndi thadzi akufungatira pachivundikiro changa.

ANabanda sakuona cholakwa. "M'nyumba mwathu makoswe atha, aphunzitsi. Muno m'mouma, ndipo wakuba sangaganizeko."

Ndatulutsa zonse ndekha. Thadzi wandijompha padzanja. Ndawapempha aDamiano mochita kugwada kuti mawa alowe m'chachiwiri, chimene tachimaliza madzulo ano, kamodzi kokha bwana akuona. Akuti, "Tiona." Mawu amenewo ndimawadziwa.

Loweruka

Bwana wafika ndi galimoto, mphuno ili psuu ndi mphepo. ADamiano alawirira kukatola nkhuni kuphiri, munthu amene sanatolepo nkhuni chibadwire.

Bwana akutsegula choyamba, kununkhiza. Chachiwiri, kununkhiza. Akuti zimbudzi zaukhondo chotere sanazionepo, ndipo si kuyamikira ayi. Pakona watola mbatata imodzi.

Kenaka akundilamula ndimasulire: ndiwafunse aNabanda ngati amalowamo, ndipo kangati patsiku. Mayi wamkulu ngati mayi anga, pamaso pa mudzi wonse! Funsolo ndalisintha. Ndawafunsa kuti adzuka bwanji.

"Ndadzuka bwino, kaya bwanayo?" atero aNabanda, akuomba m'manja.

Bwana Chinyanja amachimva, wakhala kuno zaka zambiri. Sanakalipe. Wangoika mbatata ija m'thumba la malaya anga, n'kunena kuti ndikhala kuno mpaka mvula itagwa, anthu azolowere.

Lamulungu

Onse apita kutchalitchi. Sanandiitane, inenso sindinafunse njira.

Mphepo yakula, ndiye ndikulembera m'chimbudzi chachiwiri, malo okhawo m'mudzi muno osalowa mphepo. Choyamba mbatata zabwereramo kale. Sindizitulutsanso.

Sindikuwakwiyira aDamiano. Apongozi adzakhala nawo moyo wonse, ine ndine wodutsa. Koma ndasungulumwa, ndipo lero sindibisa.

Kalata ya kwa akazi anga yatha, ipita mawa ndi lole ya matabwa. Ndalemba kuti ntchito ikuyenda bwino, ndamanga nyumba ziwiri zofolera bwino, anthu akuziyamikira. Bodza mulibemo. Pamapeto ndawonjezera mzere umodzi, ndaufufuta, ndaulembanso: mwanayo asakule wopanda dzina podikira ine, mumutche nokha, mundilembere kuti ndani.