Chifuwa cha galimoto ya bambo

Lolemba

Loweruka tikukavundukula chiliza cha bambo ku Kasinje. Ndalonjeza amayi kuti tipita pa galimoto ya malemuwo, ija anabwera nayo kuchokera ku Joni. Chaka chathunthu ili pansi pa mtengo wa mango, mpaka nkhuku yaikira mazira pampando wakumbuyo.

Ndabwereka batire kwa aneba. Yalira! Koma ikutsokomola: gudugudu, gudugudu, kenako pho. Amayi akuti, "Isiye, ndi mmene imalirira imeneyo." Ine mphunzitsi wa sayansi ndikafike pamaso pa azilamu ndi galimoto yachifuwa?

Lachiwiri

Ku Nsipe, kwa Che Juma, mnzawo wa bambo wogulitsa zipangizo za galimoto. Akuti, "Silinda imodzi siikulandira moto. Yambani ndi mapulagi, koma mawayawo muzichotsa umodziumodzi." Ndikugwedeza mutu, maganizo ali pa mmene azilamu adzandionere ndikutsika.

Zomwe ndili nazo: mapulagi anayi atsopano, sipanala ya bambo, nsanza, ndi mtima wodzikhulupirira. Sipanalayo ikununkhabe manja awo.

Lachitatu

Mawaya onse anayi ndazula pamodzi kuti ndiwapukute bwino. Waya uliwonse unali ndi kaulusi, kena kofiira, kena koyera, kena kakuda, kena kobiriwira, tonse tonona ndi oyilo. Ndadula, ndataya kudzala pamodzi ndi mapulagi akale. Pulagi imodzi inali yong'aluka, yakuda ngati khala. Mfiti ndi imeneyi.

Ndabwezera mawaya. Ndaliza. Yaphulika ngati mfuti, mbuzi ya aneba yadula chingwe. Tsopano siikutsokomolanso. Siikulira n'komwe.

Lachinayi

Ndaimbira Che Juma. Akuti, "Timaulusi tija ndimo bambo anu ankadziwira waya uti upita pa pulagi iti. Paja kulemba sankatha."

Ndiye kuti ndataya kudzala buku lokhalo limene bambo analemba.

Ndawerengera ndi choko pachitseko: njira zolumikizira mawaya anayi zilipo makumi awiri ndi zinayi. Ndayesa zisanu ndi ziwiri. Pa yachisanu ndi chitatu ndagwira waya mkazi wanga akuliza, moto wandimenya mpaka m'mano. Mkazi wanga akuti, "Bola tadziwa kuti koyilo yopereka moto ndi yamoyo." Batire yatha. Mwini wake wabwera kudzaitenga, ndipo wafunsanso za mbuzi.

Lachisanu

Ku Nsipe kachiwiri. Ndapeza potseka, Che Juma ali kumzikiti. Ndadikira pakhonde ndikudya mbatata yootcha. Atuluka, akuti lero sangathe, mawa nawonso akupita ku chiliza, adzabwera Lamulungu.

Malangizo omwe ndalandira lero: thirani mafuta a ndege (wakabaza), itanani abusa (mchemwali wanga), gulitsani kwa opanga mbaula (mlamu). Koma amayi asita chirundu chawo, atulutsanso chipewa cha bambo chomwe amafuna kudzachiika pampando wakutsogolo. Achibwezera m'sutikesi ine ndikuona. Ndachita manyazi kwambiri.

Loweruka

Tapita pa lole ya matola. Amayi kutsogolo, ine kumbuyo pamwamba pa matumba a kabichi, suti yanga mbuu.

Chiliza n'chokongola. Atachotsa nsalu ndalira ngati mwana. Anthu atatu andifunsa, "Nanga galimoto ija?" Nkhalamba ina imene inali ndi bambo kumigodi ikuti, "Tinkamumva akadali kutsidya la mtsinje." Onse aseka. Amayi sanaseke.

Lamulungu

Che Juma afika titaweruka kutchalitchi, batire yawo ili pa njinga. Apukusa injini ndi dzanja, ayang'ana, asintha mawaya atatu. Madzi a tiyi asanawire, ntchito yatha.

Yalira bwinobwino, myaa, chifuwa chatheratu. Ndathamanga kukaitana amayi. Aima pakhomo, amvetsera nthawi yaitali.

"Zaka zonse zija ndikamva pho kumsewu, ndinkadziwa kuti ndi bambo ako, n'kuteleka madzi osamba," akutero. "Ndimati ndiimveko kamodzi kokha. Iyi ikulira ngati ya wina aliyense."

Alowa m'nyumba. Che Juma akupukuta manja, maso ali pansi. Akuti bambo ankaidziwa pulagi yong'aluka ija, ndipo kawiri konse anakana kugula ina.

Ndazimitsa injini. Mawa kuli sukulu, mabuku a ana sindinachonge. Ndili kudzala ndi kamtengo, ndikufukula makoko a nthochi ndi phulusa. Kaulusi kofiira ndakapeza. Pulagi sindinaione.